CHARLOTTE BRONTË, 1816–1855: MWANA WA MBUSA AMENE ANALEMBA ZA MSUNGWANA WAMASIYE

Mwa akazi amene analemba mabuku m'dziko la England m'masiku a Mfumukazi Victoria, amene anakhala pa ufumu kuyambira 1837 kufikira 1901, mmodzi womveka kwambiri ndiye Charlotte Brontë. Iyeyu anali mwana wa mbusa wa m'mudzi, anakula wopanda mai, nagwira nchito ya uphunzitsi wa asungwana, ndipo anamwalira asanakwanitse zaka 39. Buku lace lochedwa Jane Eyre lamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo ana a sukulu ophunzira Cingerezi m'maiko ambiri akomana nalo, ena lathunthu, ena lofupikitsidwa. Mphunzitsi wa ku sekondale wofuna kuonetsa ana ace makhalidwe a akazi a m'zaka zija, ndi umo olemba mabuku anawasimbira, sakhoza kulilambalala bukuli. Ndipo makolo amene agulitsa cimanga, mtedza ndi mbuzi kuti mwana wao wamkazi afike ku sekondale ku Kabwe, ku Chipata kapena ku Lilongwe, nkwabwino kuti adziwe mbiri ya mkazi uyu, pakuti funso limene iye analimbana nalo liri m'makomo mwathu kufikira lero: kodi nzeru zimene Mulungu aika mwa mwana wamkazi nza nchito yanji?

MAKOLO ACE NDI MUDZI WA HAWORTH

Atate ace, Patrick Brontë, anabadwa m'caka ca 1777 m'dziko la Ireland, woyamba mwa ana khumi a mlimi wosauka. Anakonda mabuku kuyambira ubwana, kotero kuti pokhala wa zaka 16 anali ataphunzitsa kale ana a m'mudzi mwao. M'caka ca 1802 analandiridwa ku sukulu yaikuru ya Cambridge, ndipo mu 1806 analowa nchito ya ubusa mu Mpingo wa England. Mu 1812 anakwatira Maria Branwell wa ku Penzance, mkazi wa m'banja la Mpingo wa Methodist. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi: Maria, Elizabeth, Charlotte, Branwell amene anali mwamuna yekha, Emily ndi Anne. Charlotte anabadwa pa 21 Epulo, 1816, ku Thornton m'cigawo ca Yorkshire.

M'caka ca 1820 banjali linasamukira ku Haworth, mudzi wa pa phiri lozizira, kumene anthu ambiri anagwira nchito yoomba nsaru za ubweya wa nkhosa. Nyumba ya mbusa inali pafupi peni peni ndi manda, ndipo madzi akumwa a m'mudzimo anali oipa. Abusa Brontë anadandaula ku boma kawiri kawiri, kufikira mu 1850 anatumizidwa mkuru wina, Benjamin Babbage, kudzaona. Iyeyu anapeza kuti mwa ana 100 obadwa m'mudzimo, 41 analikufa asanafike zaka zisanu ndi cimodzi. Anthu a ku Kabwe, kumene mtobvu wa mgodi umene unatsekedwa mu 1994 unatsalira m'dothi nulowa m'mwazi wa ana, adziwa cimene ciri kulera ana pa malo amene nthaka yace yomwe idwalitsa.

Mu Sepitembala 1821 mai wa anawa anamwalira atadwala nthawi yaitali, Charlotte ali wa zaka zisanu. Pamenepo mkuru wa maiyo, Elizabeth Branwell, anasiya kwao kotentha bwino ku Penzance, nadza kudzalera ana a mng'ono wace, nakhala nao kufikira imfa yace. Sanakwatiwe konse. Anawaphunzitsa kusoka ndi kusunga nyumba, ndipo ndalama zimene anasunga mosamala ndizo zinadzawathandiza m'tsogolo.

SUKULU IMENE INAMLANDA AKURU ACE

M'caka ca 1824 abusa anatumiza ana ao akazi anai ku Cowan Bridge, ku sukulu yogonera komweko imene inamangidwira ana akazi a abusa osauka. Colinga ca sukuluyo cinali cabwino, koma kasungidwe ka ana kanali kosowa cifundo. Cakudya cinali cocepa ndi cophikidwa mwauve, zipinda zinali zozizira, ndipo tsiku la Mulungu anawo anayenda ulendo wautali m'cisanu kunka ku mapemphero. Nthenda ya malungo oopsa inalowa m'sukulumo mu 1825. Maria ndi Elizabeth anagwidwa ndi cifuwa cacikuru, nabwezedwa kwao ali olefuka. Maria anamwalira m'mwezi wa Meyi ali wa zaka 11, ndi Elizabeth m'mwezi wa Juni ali wa zaka 10. Atate ao anathamanga kukatenga Charlotte ndi Emily. Motero Charlotte, pokhala wa zaka zisanu ndi zinai, anasanduka mkuru wa otsalawo. Sanaiwale kuleza mtima kwa Maria, amene analangidwa kawiri kawiri ali wodwala osadandaula, ndipo patapita zaka zoposa makumi awiri anamuika m'buku lace m'dzina la Helen Burns.

Kwa zaka zisanu anawo anaphunzira pakhomo. Atate ao sanasiyanitse mwana wamwamuna ndi akazi pa zowerenga. Anawalola kutenga buku liri lonse m'nyumbamo, nawerenga nao manyuzi, nakambirana nao za maufumu ndi malamulo monga ndi anthu akuru. Mu 1826 anagulira Branwell zidole za mtengo khumi ndi ziwiri za asilikari. Anawo anazipatsa maina, napeka maiko ao, amene anawaika m'maganizo ku madzulo kwa Africa, dziko limene anangoliwerenga m'mabuku. Nkhani za maikowo anazilemba m'timabuku tating'ono todzisokera okha, tolingana ndi bokosi la macesi, m'zilembo zazing'ono zobvuta kuwerenga. Akuru anati m'mera mpoyamba. Masewera amenewa ndiwo anazoloweretsa dzanja la Charlotte kulemba masiku onse.

NCHITO YA UPHUNZITSI

Nyumba ya ku Haworth sinali ya abusa, inali ya mpingo. Akadamwalira iwo, anawo akadatsala opanda denga ndi opanda cuma. M'masiku amenewo mkazi wophunzira wa ku England sanaloledwe kulowa sukulu zazikuru za Oxford ndi Cambridge, kapena kukhala dotolo, woweruza, kapena mbusa. Akapanda kukwatiwa, njira imene inamtsegukira inali uphunzitsi, kusoka, kapena kukhalitsa mkazi wolemera wokalamba. Cifukwa cace mu 1831 Charlotte anatumizidwa ku sukulu ya Roe Head, ya mphunzitsi wokoma mtima Margaret Wooler. Anafika ali wamanyazi, wamfupi, wa maso osaona patali, wobvala zakale. Koma posacedwa anapambana anzace onse m'maphunziro. Kumeneko anapeza abwenzi awiri, Ellen Nussey ndi Mary Taylor, amene analemberana nao makalata moyo wace wonse. Mu 1835 anabwereranso ku Roe Head monga mphunzitsi, ndipo malipiro ace analipirira maphunziro a mng'ono wace, poyamba Emily, pambuyo pace Anne.

Mtima wace unali pa kulemba. Pa mapeto a 1836 anatumiza ndakatulo zace kwa Robert Southey, mlakatuli wa ku nyumba ya mfumu, kupempha uphungu. Mkuruyo anabvomera kuti mtsikanayu ali nayo mphatso, koma anamlangiza kuti kulemba mabuku sikuyenera kukhala nchito ya moyo wa mkazi, popeza mkazi ali nazo nchito zace za m'nyumba. Charlotte anayankha mwaulemu, nasunga kalatayo, koma sanaleke kulemba. Mu 1839 mbusa wina, Henry Nussey, mlongo wa bwenzi lace Ellen, anamfunsira ukwati. Anali munthu wabwino, ndipo ukwatiwo ukadampatsa nyumba. Koma Charlotte anakana, pakuti anadziwa kuti samkonda, ndipo anayesa cinyengo kulumbira pamaso pa Mulungu cifukwa ca denga lokha.

M'malo mwace analowa nchito yophunzitsa ana m'nyumba za anthu olemera, poyamba mu 1839, kenaka mu 1841, kumene analandira mapaundi 20 pa caka. Mphunzitsi wotere anali pakati: sanali wa m'banja, ndiponso anchito a m'nyumba sanamuyese mnzao. Ana akacita mwano, mlandu unali wace. Akawalanga, mai wao anakwiya. Pamwamba pa kuphunzitsa anamsenzetsanso zosoka kufikira usiku. Tsono anapangana ndi ang'ono ace kuti atsegule sukulu yao yao. Pofuna kudziwa bwino Cifalansa ndi Cijeremani, iye ndi Emily anapita ku Brussels m'dziko la Belgium mu Febuluwale 1842, ndi ndalama za mai wao wamkuru uja. Mphunzitsi wao, Constantin Heger, anaona nzeru za Charlotte, namzoloweza kulemba mwadongosolo ndi kudula mau opanda nchito. Charlotte, amene sanayamikidwe cotero ndi kale lonse, anamkonda munthuyo koposa muyeso, angakhale anali wokwatira. Anadziwa kuti njirayo njotsekeka, ndipo mu Januwale 1844 anacokako, nabwerera ku Haworth ndi mtima wosweka. Kulimbana kumeneku, kwa cikondi ndi cikumbumtima, kunadzakhala pakati peni peni pa buku lace.

MAINA A CIMUNA

Sukulu ya ku Haworth inakanika, pakuti sanapezeke mwana ndi mmodzi yemwe wolembetsa. Branwell, amene banja lonse linaika ciyembekezo pa iye, anacotsedwa nchito mu 1845, nabwera pakhomo kudzamira m'mowa ndi m'mankhwala oledzeretsa. Maso a atate ao analikufa khungu. M'masiku amdima amenewo Charlotte anapeza ndakatulo zimene Emily analemba mobisa, nakakamiza ang'ono ace kuti asindikize buku limodzi atatuwo. Podziwa kuti owerenga apeputsa colembedwa ndi mkazi, anabisa maina ao, nadzicha Currer, Ellis ndi Acton Bell. Bukulo linaturuka mu 1846, analipira okha kwa osindikiza ndi colowa cimene mai wao wamkuru anawasiyira, ndipo m'caka cathunthu anagula anthu awiri okha.

Sanafooke. Yense analemba buku la nkhani. La Charlotte, lochedwa The Professor, linakanidwa ndi osindikiza mmodzi mmodzi, libwerera m'cikuto comweco. Mu Ogasiti 1846 anaperekeza atate ace ku Manchester kuti akang'ambidwe diso, m'masiku amene kunalibe mankhwala ogonetsa munthu. Powalonda m'cipinda camdima kwa mwezi wathunthu, ndi dzino liri kumuwawa, anayamba kulemba Jane Eyre. Maso a atate ace anapenyanso. Caka cotsatira, osindikiza a Smith, Elder a ku London anakana The Professor, koma ndi kalata yaulemu yopempha buku lina lalitali. Anawatumizira Jane Eyre mu Ogasiti 1847. Mwini nyumbayo, George Smith, analiwerenga lonse tsiku limodzi, ndipo mu Okutobala linali m'masitolo. Mabuku a ang'ono ace, Wuthering Heights la Emily ndi Agnes Grey la Anne, anaturuka mu Disembala wa caka comweco.

NKHANI YA JANE EYRE

Jane ndi mwana wamasiye. Atsibweni ace, mlongo wa mai wace, anamtenga, koma nao anamwalira, namsiya m'manja mwa mkazi wao, amene anamzunza. Anatumizidwa ku sukulu ya amasiye ya Lowood, kumene mkuru wa sukulu analalikira kudzicepetsa kwa ana anjala, pamene ana ace a iye mwini anabvala zonyezimira. Kumeneko Jane anapeza Helen Burns, wopirira ndi wokhululukira, ndi mphunzitsi wacifundo, Miss Temple. Atakula anakaphunzitsa mwana m'nyumba ya mwini cuma, Rochester, ndipo awiriwo anakondana. Koma tsiku la ukwati, ali m'nyumba ya Mulungu, kunaululika kuti Rochester ali naye mkazi wamoyo, Bertha, wa ku Jamaica, wodwala misala, wotsekeredwa m'cipinda ca pamwamba. Rochester anamdandaulira Jane kuti athawire ku dziko lina akakhale naye monga mkazi wace, popeza analibe mbale woti acite manyazi. Jane anamkonda ndithu, koma anaona kuti lamulo la Mulungu liyesedwa m'nthawi ya ciyeso, ndipo anaturuka m'banda kuca wopanda kanthu.

Anayenda masiku ali ndi njala, napemphapempha m'makomo, kufikira anamlandira mbusa wina, St John Rivers, ndi alongo ace awiri. Anaphunzitsa ana akazi a alimi pa malipiro a mapaundi 30 pa caka. Pambuyo pace analandira colowa ca mapaundi 20,000 ca mbale wa atate wace, ndipo pozindikira kuti a Rivers aja ndi abale ace, anacigawa panai mofanana. St John anafuna kumkwatira kuti apite naye ku India ku nchito ya Uthenga Wabwino, osati cifukwa ca cikondi, koma cifukwa anamuona kuti ngwolimba pa nchito. Jane anabvomera kupita monga wothandiza, koma ukwati wopanda cikondi anaukana. Pobwerera kwa Rochester anapeza nyumba itapsa ndi moto umene Bertha anayatsa, Berthayo atafa, ndi Rochester atafa maso ndi kuduka dzanja poyesa kupulumutsa a m'nyumbamo. Pamenepo anakwatirana, popeza tsopano kunali kololeka, ndipo Jane analowa m'banjamo ndi cuma cace ndi ufulu wace.

Bukuli linagulidwa kwambiri, koma linautsanso mkangano. Owerenga sanazolowere kuti mtsikana wosauka, wosakongola, adziyese wolingana pamaso pa Mulungu ndi mwamuna wolemera. Ena anati linyoza cipembedzo. Posindikizanso kaciwiri mu 1848 Charlotte analiteteza, nanena kuti cimene anatsutsa ndico cinyengo ca anthu ena opembedza, osati cikhulupiriro cimene iye mwini anali naco. Mu Disembala 1848 nyuzi yaikuru ya Quarterly Review inaliweruza kuti liri ndi mzimu wopanduka. Koma mu Julaye wa caka comweco Charlotte ndi Anne anali atapita kale ku London kukadzionetsa kwa George Smith, amene anazizwa kuona kuti Currer Bell ndi mkazi wamng'ono wamanyazi wa ku mudzi.

MALIRO ATATU, UKWATI NDI IMFA

Kumveka kwa dzina kunafika pamodzi ndi maliro. Branwell anamwalira pa 24 Sepitembala, 1848, ali wa zaka 31. Emily anagwidwa ndi cifuwa cacikuru, nakana madotolo, namwalira pa 19 Disembala ali wa zaka 30. Anne naye anadwala nthenda yomweyo. Charlotte anamtengera ku nyanja ku Scarborough, kumene anamwalira mwamtendere pa 28 Meyi, 1849, ali wa zaka 29. M'miyezi isanu ndi itatu Charlotte anaika abale atatu, natsala yekha mwa ana asanu ndi mmodzi. Anabwerera kwa atate ace okalamba, natenganso colembera. Buku la Shirley, losimba za akazi osakwatiwa ndi za cipolowe ca anchito a m'nyumba zoombera nsaru, linaturuka mu 1849. La Villette, la mphunzitsi wamkazi wokhala yekha m'dziko lacilendo, mu 1853.

Mu Disembala 1852 Arthur Bell Nicholls, wothandiza wa atate ace pa mpingo kuyambira 1845, anamfunsira ukwati. Abusa Brontë anakwiya, poyesa kuti munthu wa malipiro ocepa sayenera mwana wao womveka. Charlotte sanafune kuwasautsa, nakana, ndipo Nicholls anacoka ku Haworth. Koma poona kukhulupirika kwace, mtima wa Charlotte unatembenuka pang'ono pang'ono, ndipo anakambirana ndi atate ace mofatsa kufikira anabvomera. Anakwatirana pa 29 Juni, 1854. Amene anampereka ndiye mphunzitsi wace wakale, Margaret Wooler. M'makalata ace anacitira umboni kuti anapeza mwamuna wokoma mtima. Cimwemweco cinakhala miyezi isanu ndi inai yokha. Ali ndi pakati, anadwala kusanza kosaleka, nthenda imene madotolo a masiku ano akhoza kuiciza, nafooka, namwalira pa 31 Malici, 1855. M'mwezi wa Novembala wa caka comweco David Livingstone anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Nicholls anasunga apongozi ace, amene anamkana kale, kufikira anamwalira mu 1861 ali ndi zaka 84. Bwenzi lace Elizabeth Gaskell analemba mbiri ya moyo wace mu 1857, ndipo kuyambira 1928 nyumba ya ku Haworth isungidwa kuti alendo aione.

KWATHU KUNO

Khomo limene linali lopapatiza kwa Charlotte linacedwanso kutseguka kwa ana akazi a kuno. Mu 1915 Mabel Shaw wa London Missionary Society anayamba sukulu ya asungwana ku Mbereshi. Anyamata analandira sekondale ya boma ya Munali mu 1939, koma asungwana analindira kufikira 1946, pamene a Methodist, mpingo wa mai wace wa Charlotte, anayamba makalasi a sekondale ku Chipembi, pakati pa Lusaka ndi Kabwe, mzinda umene pa nthawiyo unachedwa Broken Hill. Mu 1967 inatsegulidwa ku Kabwe sukulu yophunzitsa aphunzitsi a sekondale, imene lero ndi Kwame Nkrumah University, ndipo ambiri ophunzitsa Cingerezi m'Zambia anaturuka kumeneko. Mu 1997 boma linalola kuti mtsikana amene anatenga pakati abwerere ku sukulu atabala, ndipo mu 2022 linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira ku sekondale. Cotsala tsono ciri m'manja mwa makolo ndi aphunzitsi.

MAU KWA APHUNZITSI

Coyamba, mwana sangamvetse akazi a m'mabuku amenewa asanadziwe malamulo a nthawi ija. Kufikira malamulo a 1870 ndi 1882, cuma ca mkazi wa ku England cinasanduka ca mwamuna wace tsiku la ukwati. Kufikira 1857 kuthetsa ukwati kunafuna cilolezo ca nyumba ya malamulo, ndipo misala sinali cifukwa cololeka. Ana a Acewa, Ansenga ndi Alenje, amene awerenga mtundu kutsata kwa mai, adzaona msanga cimene Jane anasowa. Kwathu mkazi ali ndi mbumba, ndi munda wa kwao, ndi ankhoswe oimira mlandu wace. Jane, atamwalira atsibweni ace, analibe womuimira, ndipo mkazi wa atsibweniwo anaiwala kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphunzitsi afunse ana ace kuti mwambo wathu uteteza mkazi pati, ndipo umsiya pati wopanda mau.

Caciwiri, akazi a m'bukuli aikidwe pamodzi kuti ana awalinganize. Helen apirira cosalungama ndi maso pa Kumwamba. Jane ayankha, nanena kuti cosalungama ncosalungama. Miss Temple amvera mkuru wa sukulu, komabe adyetsa ana anjala. Blanche Ingram, wokongola uja, analeredwa kuti akakwatiwe ndi cuma, ndipo sadziwa nchito yina. Mphunzitsi asafulumire kunena wolungama ndani. Ana apeze okha, ndi zifukwa zocokera m'bukumo, nthawi imene Mkristu ayenera kukhala cete ndi nthawi imene ayenera kulankhula. Akhoza kuwerenga pamodzi ndi nkhani ya ana akazi a Tselofekadi pa Numeri 27, amene anapempha colowa ca atate wao pamaso pa Mose nacilandira.

Cacitatu, asaiwalike Bertha. M'buku lonse mkazi uyu salankhula. Mbiri yace tiimva kwa mwamuna amene anamkwatira cifukwa ca mapaundi 30,000, cuma ca ku zisumbu kumene minda inalimidwa ndi akapolo ocokera ku Africa. Pa bwalo la mfumu mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi. Mu 1966 Jean Rhys, mkazi wobadwira ku Dominica, analemba buku lochedwa Wide Sargasso Sea, losimba nkhaniyo kucokera kwa mkaziyo. Apa ana aphunzira kuti wolemba wamkuru naye ali mwana wa nthawi yace, ndipo akhoza kuona bwino kusauka kwa mkazi mmodzi osaona kwa mnzace. Apanso pali mpata wolankhula za umo tisungira odwala misala m'midzi mwathu.

Cacinai, phunziro ili si la asungwana okha. Anyamata ayang'ane Rochester, amene anafuna kubisa ukwati wace woyamba, ndi St John, amene anafuna mkazi monga munthu afunira khasu. Ayang'anenso Branwell, amene anapatsidwa ciyembekezo conse ca banja, pamene alongo ace anagwira nchito kwa eni, ndipo ndiwo anasunga nyumba ndi dzina la atate wao.

KWA MAKOLO

Abusa Brontë anali ndi zofooka zao, koma cinthu cimodzi anacita bwino: sanabise buku kwa mwana wamkazi. M'fanizo la matalente pa Mateyu 25, kapolo amene anatsutsidwa ndiye amene anakwirira ndalama yace pansi. Kholo limene licotsa mwana wace wamkazi pa sukulu kuti akwatiwe msanga, kapena kuti mlongo wace yekha apitirire, likwirira talente imene Mwini wace adzaifunsa. Charlotte Brontë analemekeza atate ace kufikira imfa, anaphika, anasoka, anadwazika odwala, anakwatiwa m'nyumba ya Mulungu. Ndipo pamodzi ndi zonsezi anagwiritsa nchito mphatso yace, angakhale akuru ena anamletsa. Pokonza za caka cino, pamene tiwerenga mbeu ndi ndalama za yunifolomu ndi makope, tiwerenge ana athu onse, amuna ndi akazi, ndipo tipempherere aphunzitsi amene tawapatsa anawo kuti Ambuye awapatse nzeru ndi mtima woopa Iye.